Maliro Osafika Kumanda

Sendezani mipando kuno, ndipo amene ali ndi foni aibweze m'thumba, chifukwa nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi inayambira pa foni.

Nonse mukudziwa tanthauzo la masamba oikidwa pamsewu. Wapanjinga akawaona amatsika n'kuyamba kuikankha, wachipewa amavula, wagalimoto amachepetsa liwiro n'kutseka wailesi. Palibe amene amachita kuuzidwa kuti pafupi pali zovuta. Tsono taganizani kuwapeza masamba amenewo m'mawa pakhomo panu, utomoni ukudonthabe pothyoledwa, chonsecho m'nyumbamo simunafe munthu. Zimenezi zinamuchitikira Sungeni Gwaza.

Sungeni anali wojambula zithunzi, mwana wa cha ku Mitundu koma wokhala mu Lilongwe, mmodzi wa ana athu ophunzira aja amene akaona nkhuku ikupalasa padzala amagwada ndi kamera n'kumati aona luso. Bambo ake, a Gwaza akalipentala, atamwalira, iye sanagwetse msozi. Anthu anaona ndipo ananena, pajatu pamaliro maso a anthu sakhala pa bokosi pokha. Sikuti sankawakonda ayi. Anali bambo amene ankamuperekeza kusukulu atamugwira dzanja mpaka anzake kumuseka, ndi dzanja lawo lija la chala chodukira pakati, chimene sowo inadya iye asanabadwe. Kungoti misozi inakana kutuluka, ngati mpopi wa m'tauni.

Bokosi litanyamulidwa pakhomo kulowera kumanda, Sungeni analephera kuliyang'ana. Anatulutsa foni, naiweramitsira pansi, n'kumajambula mapazi okhaokha: mapazi a amuna osenza bokosi, mapazi a amayi a ku mpingo oimba nyimbo, fumbi lofiira, m'munsi mwa zitenje. Pakati pa onsewo pankaoneka mapazi a mayi ake, a Nankhoma, atavala nsapato zapulasitiki zobiriwira, akukoka miyendo kumbuyo kwa bokosi la mwamuna wawo. Atafika pa mkuyu waukulu pamene njira imakhotera kulowa m'nkhalango ya manda, mkulu wa adzukulu, okumba manda aja, anamuimitsa.

"Mayi, foniyo ithere pano. Kumsitu sitijambula."

Sungeni anamvera, nazimitsa. Koma iye mwini anatheranso pomwepo. Anthu analowa, iye anatsala chilili pansi pa mkuyu mpaka anthuwo anatuluka. Kwawoko mkazi wamasiye sabwerera yekha kuchokera kumanda. Mwana wake wamkazi wamkulu ndiye amamudzutsa pamtumbira n'kumugwira dzanja mpaka kunyumba, osacheuka. Tsiku limenelo a Nankhoma anagwidwa dzanja ndi mayi wina wa ku mpingo, ndipo sananene kanthu kwa mwana wawo.

Mvula itagwa n'kutha, Sungeni anaganiza zoti kanema uja amupangire chionetsero. Osati chionetsero choima patali n'kumagwedeza mutu ngati ukumva, koma choti munthu alowemo thupi lonse. Anapeza shedi yakale yosankhiramo fodya m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, natseka mazenera ndi mabulangete mpaka m'katimo munakhala usiku ngakhale masana. Anapachika nsalu zoyera zazitali mbali iyi ndi iyi, pakati n'kusiya kanjira. Pa nsaluzo makina ankaonetsa mapazi aja, aakulu ngati a munthu amene ukuyenda naye limodzi, ndipo masipika obisika kudenga ankatulutsa nyimbo ya amayi a ku mpingo, yokoka pang'onopang'ono, pansi pake pakumveka kulira kwa a Nankhoma. Pakanjirapo anathira dothi lofiira limene anakakumba pa njira yeniyeni ya kumanda kwawo n'kubwera nalo m'matumba. Wolowa ankavula nsapato pakhomo. Chionetserocho anachitcha Kuperekeza.

Za mawu ankamuthandiza ndi mnzake Fatsani, bambo wansangala amene ntchito yake inali kujambula nyimbo za makwaya.

"Sunge, kanema wakoyu akuthera pamtengo," anatero Fatsani. "Ndiye anthu azingoima mumdima ngati basi yafera panjira?"

"Zakutsogoloko ndilibe. Anandiletsa kujambula."

"Palibe vuto. Tilumikiza."

Analumikizadi mapeto ndi chiyambi, ndi luso lake lonse. Mapazi akafika pa mizu ya mkuyu, phazi lotsatira linkaponda pakhomo pa siwa, ulendo n'kuyambiranso, nyimbo osaduka ngakhale kampweya. Sungeni ataona zimenezo anamva kukoma mumtima, kukoma kumene sanafune kudzifunsa chifukwa chake. Ndipo poti kompyuta ya Fatsani inali nkhalamba yoti ukaizimitsa umachita kuipepesa kuti idzuke, anagwirizana zoti izingoyenda usana ndi usiku, ngakhale shedi itakhomedwa.

Anthu a m'tauni anabwera, ndipo analira. Mabwana a matayi aja, amene maliro a kwawo amangotumiza uthenga, ankatuluka akupukuta magalasi. Mtsikana wina anakhala pansi pa dothilo n'kuyamba kuitana malume ake. Sungeni ankaima pakona kuwaonerera, maso ali gwa, akuchita nawo nsanje.

Sabata yomweyo mng'ono wake Mwandida, amene ankakhala ndi mayi awo kumudzi, anaimba foni.

"Achemwali, amayi akudandaula miyendo. Akuti yalema ngati ayenda ulendo, chonsecho sanapite ngakhale kudimba."

"Ndi ukalamba umenewo. Uwathowe ndi madzi otentha."

Kutacha Sungeni anapeza masamba pamsewu, mulu kumtunda kwa shedi ndi mulu kumunsi. Fatsani anaseka, nati ndi ana a m'makomomu akuwagemula, n'kuwakankhira mu ngalande ndi phazi. Tsiku lotsatira analiponso. Sungeni anatola nthambi imodzi naona kuti ndi ya mkuyu, ndipo atayang'ana uku ndi uku anangoona mibulugamu ndi mango. Anyamata a kabaza ankati akafika pamenepo amatsitsa munthu, onse n'kudutsa wapansi. Kenako pakhomo pa shedi panayamba kupezeka timitolo ta nkhuni, tsiku lina kambale ka ufa kovindikira ndi tsamba.

Mayi wogulitsa mandasi tsidya la msewu anabwera atafunyira chitenje paphewa, nagwada pang'ono.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Koma mwambo ukhala liti? Nyimbo takhala tikuzimva masiku onsewa."

Sungeni anafotokoza mwaulemu kuti sipanafe munthu, ndi chionetsero chabe.

"Oo." Mayiyo analoza kuseri kwa shedi. "Nanga azibambo amagona panja aja ndi a kuti? Ndikamabwera m'mamawa ndimawaona pa moto kuseri uku. Sindiwapatsa moni, poti onse amakhala ataweramitsa mitu."

Sungeni anaitana Fatsani, ndipo anazungulira kuseri atatu onse. Panali phulusa lofundabe, ndi njerwa zoikidwa mozungulira ngati mipando. Fatsani sanasekenso, ndipo mayi wa mandasi uja anasamutsira beseni lake kutali, cha ku siteji ya minibasi.

Zinthu zotere zikamachitika, munthu wophunzira amayamba wafufuza chifukwa chomveka, ndipo akachisowa amangosiya kuzikamba. Ndi mmene anachitira awiriwa. Sanakambe za nsapato zimene zinkatsala pakhomo alendo onse atapita, nkhwayira zakale za matayala ndi tinsapato ta ana tachikale, zimene m'mawa sizinkapezekanso. Sanakambe za dothi lija. Sungeni ankalisalaza ndi tsache madzulo aliwonse asanakhome, koma potsegula ankapeza lapondedwapondedwa, mapazi onse atalowera mbali imodzi, opanda ndi limodzi lomwe lobwerera. M'shedimo munayambanso kumveka fungo la thukuta ndi utsi wa nkhuni, fungo la anthu amene achezera.

Fatsani ndiye anayamba kulephera kupirira. Tsiku lina anavula zomvera m'makutu naziika patebulo mosamala ngati zikutentha.

"Ine ndinaikamo mawu a amayi okhaokha. Besi imeneyi ikuchokera kuti?"

"Mwina ndi denga likubweza mawu."

"Denga siliimba besi, Sunge. Ndiponso nyimboyi ikuchedwa. Makina akuti liwiro ndi lomwe lija, koma khutu langa likuti anthuwa atopa."

Mwandida anaimbanso, ndipo ulendo uno ankanong'ona.

"Achemwali, amayi sakudzukanso pamphasa. Kuchipatala ayeza zonse, akuti sakuona kanthu. Koma m'mawa uliwonse ndikumawapeza mapazi ali mbuu ndi fumbi lofiira. Ndimawasambitsa ndine, chitseko ndimakhoma ndine, ndimagona pambali pawo. Fumbili likuchokera kuti? Ine ndikuopa."

Madzulo a tsiku limenelo, alendo atatha, Sungeni analowa yekha pakati pa nsalu. Kanemayo anali atamuonera kambirimbiri moti phazi lililonse ankadziwa mwini wake. Koma tsopano mapazi anali atachuluka. Pakati pa anthu a m'mudzi mwawo pankayenda mapazi ena osadziwika, a zigwinjiri m'miyendo, a nkhwayira, timapazi ta ana, ndipo ena mwa iwo ankaponda osadzutsa fumbi. Amuna osenza bokosi ankaphunthwa pamalo pamene kale sankaphunthwa. Anafunafuna nsapato zobiriwira zija mpaka anaipeza imodzi, yong'ambika kuchidendene, ikukwakwazidwa. Phazi linalo linali lopanda nsapato, lotupa, ndipo pamene laponda pankatsala kadontho kakuda.

Anatulutsa foni yake, natsegula kanema woyamba uja. M'menemo nsapato zonse ziwiri zinali zabwinobwino, zonyezimira, monga zinalili pamene iye anawagulira mayi ake pa Khirisimasi. Anatuluka panja kuti apume.

Dzuwa linali litangolowa. Tsidya la msewu, pafupi ndi mulu wa masamba, panaima bambo wachikulire atasenza khasu la mpini waufupi. Miyendo yake inali yofiira ndi dothi mpaka m'mawondo. Nkhope yake Sungeni sanathe kuiona bwino, ndipo mpaka lero akafunsidwa amati inali ngati nkhope imene waiwala.

"Odi pa siwa," anatero bamboyo. Sanakweze mawu, koma anamveka ngati ali pambali pake.

"Pano si pa siwa, bambo."

"Ife tinamaliza kalekale kukumba. Tikungokuonani mukufika pamtengo n'kubwerera, kufika pamtengo n'kubwerera. Ndiye anzanga andituma ndidzafunse: kodi mwasintha maganizo, kapena mukudikira tikumbe dzenje lachiwiri kuti mudzayende kamodzi?"

Sungeni anacheuka kuti aitane Fatsani. Poyang'ananso, pamsewu pankadutsa lole ya mchenga, ndipo itadutsa panalibe munthu.

Analowa m'shedi akuthamanga. "Zimitsa, Fatsani. Zimitsa zonse."

Fatsani sanafunse. Anazula chingwe pakhoma, nyimbo inaduka pakati pa liwu, nsalu zinada bii. Mumdimamo onse awiri anamva chinthu cholemera chikutulidwa pa dothi lija, pafupi, ndi kupuma kwa anthu ambiri, kwawefuwefu, kowazungulira mbali zonse. Sungeni anakumbukira, mochedwa, chimene mwana aliyense wa kwawo amadziwa, chakuti bokosi likanyamuka pakhomo silitulidwa panjira.

Foni inalira m'dzanja lake. Anali Mwandida, akukuwa.

"Amayi akomoka! Achemwali, sakupuma, maso atembenuka!"

"Yatsa," anatero Sungeni kwa Fatsani. "Yatsanso, chonde."

Apa ndi pamene nkhalamba ya kompyuta ija inaonetsa khalidwe lake. Fatsani anagwada mumdima, akupapasa chingwe, akuinyengerera ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Kagetsi kanayaka, kanazima, kanayakanso. Pafoni Mwandida anali atasiya kukuwa, akungoitana "amayi, amayi" motsitsa, ndipo kupuma kuja m'shedimo kunkasendera pafupi mpaka Sungeni anamva mpweya wofunda pakhosi pake. Sakudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako nsalu zinawala, nyimbo inayambira pomwe inadukira, ndipo anamva anthu akubuula ngati akunyamulanso katundu.

"Apuma," anatero Mwandida. "Apuma. Akufuna inu."

Mawu a a Nankhoma anamveka ochokera kutali, opumira m'mwamba ngati a munthu amene akuyankhula akuyenda.

"Sungeni, kodi sitikufika bwanji? Mtengo uja ndikumauona, koma ndikati ndiponde ndikupezeka ndili pakhomo. Bambo ako alemera, anyamata atopa. Ine miyendo yatha, mwana wanga. Ndikagwanso sindidzuka."

"Amayi, ndichite chiyani?"

"Ukundifunsa ine? Uli kutsogolo ndiwe. Tifikitse."

Kutacha Fatsani anasamutsira nyimboyo mu kasipika kakang'ono ka batire. Anakayatsa kaye, nadikira kuti mawu agwirizane ndi a kudenga, kenako n'kuzimitsa makina aakulu atagwira mpweya. Nyimbo sinaduke. Dothi lija analiwolera m'timatumba n'kuika kumbuyo kwa kagalimoto ka Fatsani, Sungeni nakhala kutsogolo kasipika kali pamiyendo.

Timatumbato tinali tochepa, koma galimoto inatsika mpaka matayala ankakhula. Inkakwera zitunda ikulira ngati yanyamula mudzi wonse. Sanaikepo masamba kapena mtanda, komabe njira yonse ya ku Mitundu apanjinga ankatsika, azibambo ankavula zipewa, amayi ochokera kumjigo ankaima n'kuyang'ana pansi. Ngakhale dalaivala wa minibasi, mtundu umene supatsa njira ngakhale ambulansi, anapatukira kumbali kuti iwo adutse. Fatsani anayang'ana kamodzi kokha pagalasi loonera kumbuyo, kenako analipinda kuti liloze kudenga.

"Waonamo chiyani?"

"Usandifunse, Sunge. Ndili ndi ana."

Asanafike, kagetsi ka pa sipika kanasintha kuchoka kobiriwira n'kukhala kofiira.

A Nankhoma anawapeza pamphasa, ataonda moti Sungeni anachita kuyang'anitsitsa. Maso anali otseka, milomo ikuyenda, ndipo mapazi amene Mwandida anawakulunga nsanza ankagwedera mosinthana, ili kenako ili, motsatira nyimbo ya m'kasipika. Sungeni anagwada nawaitana, koma sanamumve. Anapatsa Mwandida foni yake, navula nsapato. Fatsani anati iye ndi mlendo, kumsitu kwa eni sangalowe, adikira pagalimoto. Palibe amene anamunena.

Anaima pakhomo atafungatira kasipika pachifuwa, nadikira kuti nyimbo ifike poyambira. Itafika anaponda.

Linali dzuwa la masana, njira yomwe ija, chimanga chouma mbali zonse. Poyamba ankangomva mapazi ake okha. Atadutsa nkhokwe za kumapeto kwa mudzi, kumbuyo kunayamba kumveka mapazi ena, ochepa, kenako ambiri, kenako ochuluka moti fumbi lawo linkamupitirira n'kumagwera patsogolo pake. Agalu amene anagona pamthunzi anadzuka n'kulowa m'munda mwakachetechete. Pafupi kwambiri, kumbuyo kwa phewa lake, kunkamveka nsapato imodzi yapulasitiki ikukwakwaza pansi. Khosi linkamuyabwa kufuna kucheuka, koma anangoyang'ana zala za kumapazi kwake.

Mkuyu utaonekera, anazindikira chinthu chimene sanachiganizire m'galimoto monse muja. Nyimbo ya m'kasipika inkathera pamtengopo. Ikangofika pa mizu idzalumphira kumayambiriro, ndipo onse ali kumbuyowa adzapezekanso pakhomo. Akazimitsa, bokosi litulidwa panjira. Nyimbo ya kutsogolo kwa mtengo panalibe makina amene anali nayo.

Sungeni sanali woimba. Kusukulu ankamuika kumbuyo kwa kwaya n'kumuuza kuti azingotsegula pakamwa. Koma atafika pa mizu ya mkuyu anakoka mpweya, nayamba kuimba mzere wotsatira kasipika kasanamalize wake, kenako n'kukazimitsa, nakaika pansi pa mtengo. Mawu ake anatuluka owonda, onjenjemera, okha m'dziko lonse. Anaponda phazi limodzi kupitirira muzu. Kumbuyo kunali zii, ndipo anaganiza kuti wawapha mayi ake.

Kenako anamuvomera. Amayi oimba aja kaye, ndiye besi ija, yakuya ngati ikuchokera pansi pa nthaka. Analowa nawo m'nkhalango.

M'katimo munali mdima ndi kuzizira, ngati m'shedi muja. Anali asanaonepo manda a bambo ake, koma miyendo inamufikitsa yokha pa mtumbira wa mtanda wathabwa umene anyamata a ku shopu yawo ya ukalipentala anapala bwino. Pambali pa mtumbirawo panali polembedwa ndi khasu, muyeso wa munthu wamfupi, ndipo anali atayamba kale kukumba mpaka polekeza kakolo. Dothi lake linali lanyowa. Sungeni anaimba mpaka nyimbo inatha yokha pamene imathera. Anamva zingwe zikukhula, chinthu cholemera chikutsika pang'onopang'ono, n'kukhazikika. Anthu ambirimbiri anausa moyo nthawi imodzi. Kenako mapazi anayamba kumwazikana m'mitengo, uyu uku uyu uko, masamba ouma akulira, mpaka kunatsala chete.

Anatembenukira kunjira maso ali pansi, natambasulira dzanja lamanzere kumbuyo.

"Amayi, tiyeni kunyumba."

Dzanja linamugwira. Linali lotentha, lokhakhala, lonjenjemera, ndipo analidziwa. Koma asanaponde, dzanja lake lamanja, limene linangolendewera, linagwidwanso. Ili linali lalikulu, louma, ndipo panamveka fungo la utuchi wa mlombwa. Chala chimodzi chinali chodukira pakati.

Sungeni anauma. Dzanjalo silinamukoke. Linangomugwira monga linkachitira panjira ya kusukulu, chala chachikulu chikusisita pamwamba pa dzanja lake. Anaima pamenepo, ndipo kunena zoona akanatha kuimapo mpaka kalekale. Mantha onse anali atamuchokera, ndipo chimenecho ndicho chinali choopsa kuposa zonse. Apa ndi pamene anamvetsa kukoma kuja anakumva tsiku limene Fatsani analumikiza mapeto ndi chiyambi. Bokosi likapanda kufika, bambo ake anali akadali panjira, ndipo munthu ali panjira sanapite.

Dzanja la mayi ake, kumanzere kuja, linayamba kuzizira. Zala zake zinkamasuka chimodzichimodzi, zikutsetsereka kulowera kumbuyo, kumene kunali dzenje loyambidwa lija. Sungeni analifinya mwamphamvu, nayesa kusolola dzanja lamanja, koma silinatheke. Atamvetsera bwino anapeza kuti bambo ake anali atamusiya kale. Amene ankagwira anali iye.

"Tsalani, ababa," anatero, natambasula zala.

Kulira kumene kunatuluka m'kamwa mwake kunadzidzimutsa mbalame m'nkhalango monse. Anthu amene ankakolola m'minda tsiku limenelo amanena kuti anaona mwana wa a Gwaza akutuluka kumsitu yekhayekha, wopanda nsapato, dzanja limodzi atalipindira kumbuyo ngati akukoka munthu, akulira maliro a chaka chatha ngati achitika m'mawa womwewo. Ankayenda pang'onopang'ono, akumaima, monga umayendera ndi munthu wopweteka mapazi. Kasipika kaja anakadutsa pamtengo osakayang'ana.

Atafika pakhomo, dzanja lija linasololoka m'dzanja lake. M'nyumbamo munali chete. Sungeni anaima pakhonde akumvetsera, akudikira kuti amve Mwandida akuyamba kulira. Chitseko chinatseguka. Mwandida anatuluka atanyamula beseni.

"Akufuna madzi," anatero, n'kumudutsa kupita kumtsuko.

A Nankhoma anali atakhala tsonga, atatsamira khoma, akusisita dzanja lawo lamanja. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi ofiira ndi fumbi.

"Wandipweteka dzanja, iwe. Kugwira ngati ndimafuna kuthawa."

"Amayi, ndikhululukireni."

"Khala pansi unditsuke mapaziwa. Ako utsuka pambuyo."

Sungeni anamasula nsanza zija, naika mapazi a mayi ake m'beseni, madzi n'kufiira nthawi yomweyo. Misozi inali ikugwabe, ikudonthera m'madzimo, ndipo anayesa kuipukuta ndi phewa. Mayi ake anamuika dzanja pamutu.

"Isiye ituluke. Lira mmene ungathere, koma ulire uli pansi. Tayenda mokwanira."

Madzulo omwewo Fatsani anakhuthula dothi lija panjira pamene linachokera, ndipo pobwerera ku Lilongwe kagalimoto kake kankathamanga mopepuka moti mpaka kanamuopsa. Masamba pa msewu wa ku Likuni sanaonekenso. Shedi ija masiku ano akusungiramo simenti, ndipo mayi wa mandasi anabwerera pamalo pake. A Nankhoma akali moyo, ngakhale kuti chidendene cha kumanzere sichinapole bwino, moti amayenda motsimphina.

Yathera pamenepa, ndipo ine ndaifikitsa. Mukhoza kutulutsa mafoni anu aja muunikire njira. Amene mukupita kutali nyamukani awiriawiri, ndipo wina akakugwirani dzanja mumdima, muyambe mwapapasa zala zake.